Kuchepetsa mimba za atsikana achichepere: ndi njira iti yoyenera ndalama ndi nthawi yathu?

Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo yemwe adachitika m'dziko muno mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 adali atabereka kale kapena adali ndi mimba yawo yoyamba. Pa kafukufuku wa mu 2010 adali 26. Zaka zapakatipo mauthenga ochenjeza atsikana ankamveka paliponse, pa wailesi, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu, koma chiwerengero chidakwera. Kafukufuku yemweyo adaloza pomwe vutoli lagona. Kumudzi adali atsikana 31 pa 100, m'tauni 21. M'mabanja osaukitsitsa adali 44, m'mabanja opeza bwino 15. Mtsikana wa ku Area 47 ndi mnzake wa ku Nayuchi amatsegula wailesi imodzimodzi, koma moyo womwe amabwereramo akaitseka ndi wosiyana kutalitali.

Ndalemba izi poganizira anthu amene ali ndi kangachepe m'manja ndipo akufuna kukaika pamalo pomwe kangathandizedi: komiti ya sukulu, gulu la amayi lomwe timati mother group, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mpingo, kabungwe ka achinyamata, ngakhalenso m'bale wathu amene ali ku Johannesburg kapena ku Leeds ndipo akufuna kuthandiza kwawo. Njira zomwe zayesedwa ndi zambiri ndipo sizilemera mofanana. Maganizo anga ndi akuti njira yomwe timaithamangira kwambiri, ya kufalitsa uthenga, ndiyo yofooka kuposa zonse ikakhala payokha, pomwe ziwiri zomwe zili ndi umboni wolimba ndi zomwe zimatilemera: ina, ya kusunga mtsikana pasukulu ndi kumupatsa kandalama, chifukwa imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, ina, ya njira zakulera, chifukwa imatichititsa manyazi.

Misonkhano, wailesi ndi zisudzo

Ubwino wa njirayi sitingaukane. Imafikira anthu ambiri nthawi imodzi, imatulutsira poyera nkhani zomwe kale zinkakambidwa kuseri, ndipo ndi kudzera m'mauthengawa momwe anthu ambiri adadziwira kuti kukwatitsa mwana ndi mlandu, komanso kuti mwana wochitiridwa nkhanza angathe kuimba mwaulere pa nambala ya 116 ya Tithandizane yomwe bungwe la YONECO limayendetsa. Sewero labwino pabwalo la mfumu limayambitsa makambirano omwe kalata ya boma singayambitse.

Pomwe yafookera ndi pa uthenga weniweniwo. Wochuluka umati "dziletseni, limbikirani sukulu, mimba idzakuonongerani tsogolo." Palibe mtsikana wa zaka 15 amene sadaumvepo uthengawu. Amene wavomera chibwenzi cha bambo wa kabaza kapena wogula nsomba kunyanja kuti apeze sopo, mafuta odzola ndi makope, akudziwa kale kuti mimba ndi yoopsa. Kumuuzanso kachikhumi sikuchotsa chomwe chidamupititsako. Komanso msonkhano wa tsiku limodzi umadya ndalama zambiri pa mafuta a galimoto, zimkuzamawu, matisheti ndi maalawansi, ndipo dzuwa likalowa mtsikana uja amapeza pakhomo pali monga adapasiyira.

Kumadzulo kwa dziko la Kenya adayesa mitundu iwiri ya uthenga, ndipo zomwe adapeza zimatithandiza kusankha. M'sukulu zina aphunzitsi adaphunzitsidwa kaphunzitsidwe ka phunziro la boma lokhudza Edzi, lomwe linkatsindika kudziletsa mpaka ukwati. Mimba sizidachepe. M'sukulu zina, mu 2004, atsikana a sitandade 8 adachezeredwa kwa mphindi pafupifupi 40 zokha, n'kuonetsedwa ziwerengero zosonyeza kuti abambo akuluakulu ndiwo ali ndi kachilombo ka HIV kwambiri kusiyana ndi anyamata a msinkhu wawo. Katswiri wa zachuma Pascaline Dupas adapeza kuti m'sukulu zimenezi mimba zidachepa ndi 28 pa 100, ndipo zomwe zidachepa kwambiri ndi zopatsidwa ndi zidyamakanda. Njira yomweyo itayesedwanso ku Botswana zotsatira zake sizidali zomveka bwino chomwecho, choncho si mankhwala a paliponse. Komabe ikutiphunzitsa kuti uthenga umagwira ntchito ukabweretsa chinthu chomwe womvera sankachidziwa ndipo angachigwiritse ntchito mawa lomwe.

Kwathu kuno zinthu zotere zilipo zambiri. Atsikana ambiri amakhulupirira kuti sungatenge mimba tsiku loyamba kugonana, kapena ukasamba msangamsanga mukangomaliza. Ambiri sadziwa kuti kuchipatala kuli mapiritsi olera a pangozi, ndiponso mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP, ndi kuti wogwiriridwa ayenera kufika asanathe maola 72. Ngati gulu lanu lasankha njira ya mauthenga, izi ndi zoyenera kunena. Ndipo gawo lina la uthengawo lilunjike kwa amuna. Timasonkhanitsa atsikana n'kuwalangiza tsiku lonse, pomwe amene amawapatsa mimbazo, ena mwa iwo abambo a mabanja awo, ali phee pamsika osafunsidwa kanthu.

Phunziro la Life Skills m'kalasi

Ili ndi lotsika mtengo chifukwa lilipo kale m'sukulu zathu, ndipo mu 2013 Malawi idali m'gulu la mayiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa omwe adalonjeza ku Cape Town kuti alimbikitsa maphunziro a zaumoyo wa uchembere kwa achinyamata. Kuunika komwe bungwe la UNESCO lidachita pa kafukufuku wa m'mayiko ambiri kudapeza kuti maphunziro otere sachititsa ana kuyamba zogonana msanga, zomwe makolo ambiri amaopa. Zopinga zake ndi ziwiri. Mphunzitsi amene waima pamaso pa ana oposa 100, ena mwa iwo ana a achibale ake kapena a mumpingo mwake, amadumpha mitu yovutayo kapena amangoiwerenga m'Chingerezi osaifotokoza. Chachiwiri, chifukwa choyamba sukulu mochedwa ndi kubwereza makalasi, mtsikana wa zaka 15 amapezeka ali sitandade 5, akuphunzira zoyenera mwana wa zaka 10, ndipo ambiri amasiya sukulu asanafike pomwe nkhanizi zimakambidwa mozama. Komiti ya sukulu ingathandize popempha namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti azibwera kudzayankha mafunso, atsikana atagawidwa potengera zaka zawo osati kalasi.

Mafumu, malamulo ndi chindapusa

Pa malamulo tayenda mtunda. Lamulo la maukwati la mu 2015 lidaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo mu February 2017 aphungu adasintha malamulo oyendetsera dziko, kutseka mpata womwe unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Mu 2023 lamulo la milandu nalo lidasinthidwa kuti munthu wamkulu wogona ndi mwana wosakwana zaka 18 aziimbidwa mlandu. Kumudzi, dzina lomwe aliyense amalitchula ndi la malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza, amene pofika mu 2016 adali atathetsa maukwati a ana oposa 850, adasainitsa mafumu a pansi pawo pangano loletsa maukwatiwa, ndipo adaimitsa pa udindo ena amene adapitiriza kuwavomereza.

Mphamvu ya njirayi ndi yakuti mfumu imakhala komweko. Bungwe limabwera n'kupita, koma nyakwawa imadziwa khomo lililonse, ndipo ukwati subisika m'mudzi. Sifunanso ndalama zambiri kuti iyambe.

Koma amene akufuna kutengera chitsanzo cha ku Dedza aonetsetse zonse zomwe zinkachitika kumeneko, asangotengako kuthetsa ukwati kokha. Inkosi Kachindamoto ankafunafuna owalipirira fizi ana amene awachotsa m'mabanjawo, nthawi zina kulipira okha, ndipo adali ndi amayi ndi abambo m'midzi amene ankayang'anira ngati anawo akupitadi kusukulu. Mukachotsa mwana ku banja n'kumubwezera pakhomo pomwe palibe chakudya, popanda kope, popanda yunifolomu, ali ndi khanda kumsana, sipatenga nthawi kuti abwerere kwa mwamuna uja mwakachetechete, kapena onse awiri asamukire dera la mfumu ina. M'maboma a m'malire monga Dedza, Mulanje ndi Machinga kuwolokera ku Mozambique si ulendo wautali.

Tizikumbukiranso kuti ukwati ndi mimba ndi mavuto awiri. Nthawi zambiri mimba ndiyo imayamba, ukwati n'kutsatira ngati njira yoti makolo abise manyazi ndi kupeza wosamala mwanayo. Kuletsa ukwati pamenepo n'koyenera, koma mimbayo yachitika kale.

Chomwe ndikutsutsana nacho kwathunthu ndi chindapusa cha mbuzi, nkhuku kapena ndalama cholipiritsa banja la mtsikana amene watenga mimba. Banja losauka likadziwa kuti mimba ikaoneka litaya mbuzi, limabisa mwanayo. Sapita kusikelo mpaka miyezi itatha, kapena amamutengera kwa munthu wochotsa mimba mobisa ndi zitsamba kapena zipangizo zoopsa, ndipo mawodi a amayi m'zipatala zathu amalandira zotsatira zake. Kamtsikana komwe chiuno chake sichinakhwime ndiko kali pa chiopsezo chachikulu cha kubereka movutikira ndi matenda a fistula, omwe amathandizidwa ku chipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Ameneyu ndi woyenera kufika kuchipatala msanga kuposa wina aliyense. Ngati malamulo a m'dera akufuna kuluma, alume munthu wamkulu amene wapereka mimbayo ndi ankhoswe amene amanga ukwatiwo, ndipo nkhani yogona ndi mwana isathere pabwalo la mfumu ndi mawu akuti "takambirana pachibale." Imeneyo ndi ya ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku Chikwanekwane komwe achipatala, apolisi ndi azachisamaliro cha anthu amapezeka malo amodzi.

Anankungwi

Chinamwali chimasiyana dera ndi dera, ndipo si chilungamo kunena ngati kulikonse amaphunzitsa zofanana. Pali zambiri zabwino: ukhondo pa nthawi ya msambo, ulemu, kudzisunga. Koma m'madera ena ana aang'ono amalangizidwa za kuchipinda zoyenera munthu amene akulowa m'banja, n'kuuzidwa kuti akatuluka akasase fumbi, apo ayi khungu lidzatuwa kapena adzadwala. Mlandu wa fisi wa ku Nsanje wa mu 2016, womwe udathera pa chigamulo cha zaka ziwiri kundende potsatira lamulo la mu 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, udaonetsa dziko lonse kuti zimenezi zikadalipo.

Kuletseratu chinamwali kumangochipititsa kobisika. Chomwe chimatheka ndi kukhala pansi ndi anankungwi ndi mafumu n'kugwirizana zinthu zooneka: tsimba lizichitika pa tchuthi basi, ana aang'ono asamve malangizo a akuluakulu, kusasa fumbi kuchotsedwe ndipo anamwali auzidwe poyera kuti palibe chomwe chidzawachitikire akapanda kutero, namwino apatsidwe mpata wolankhula. Nankungwi amamveredwa ndi atsikana kuposa mlendo wobwera pa galimoto, choncho akatembenuka mtima amakhala mphunzitsi wamphamvu. Chimodzimodzi amayi a chilangizo m'mipingo. Njirayi imafuna kuleza mtima kwambiri kuposa ndalama, ndipo phindu lake ndi lalikulu m'madera okhawo momwe miyamboyi ikadali yolimba.

Kusunga mtsikana pasukulu ndi kumuika kandalama m'manja

Apa ndiye pali umboni wochuluka, ndipo wina mwa umboni wodziwika kwambiri padziko lonse udachokera konkuno ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009 akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, adatsatira atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'madera 176 a bomalo. M'madera ena makolo ankalandira ndalama ya pakati pa madola 4 ndi 10 pa mwezi, mtsikana mwini wake n'kulandira pakati pa dola 1 ndi madola 5. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akamapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100 alionse. Ena ankalandira popanda chowakakamiza chilichonse. Madera ena sankalandira kanthu kuti pakhale poyerekezera.

Zotsatira zake zidadabwitsa ambiri. Ndalama zokhala ndi lamulo la kupita kusukulu ndizo zidathandiza kwambiri kuti atsikana asasiye sukulu ndi kuti azikhoza bwino. Koma pa nkhani ya mimba ndi maukwati, zomwe zidathandiza kwambiri ndi zopanda lamulo zija: mimba zidachepa ndi 27 pa 100, maukwati ndi 44 pa 100. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Mtsikana amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amene wangosiya kumene sukulu. Pa ndondomeko yokhala ndi lamulo, ameneyu ndalama yake inkaduka nthawi yomweyo pomwe akuifunitsitsa. Pa inayo ankalandirabe, choncho sadafulumire kufuna mwamuna womusamala.

Akatswiriwa atabwereranso patatha zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, adapeza kuti phindu la ndalama zopanda lamulo lidazimirira. Zitangoduka, atsikana ambiri adakwatiwa ndi kutenga mimba, mpaka kufanana ndi anzawo amene sadalandirepo kanthu. Ena amati izi zikusonyeza kuti njirayi ndi yosathandiza. Ine sindikuona choncho. Mimba yomwe ikadabwera pa zaka 15 ikabwera pa zaka 17 kapena 18, thupi la mayiyo ndi moyo wa khandalo zapindula. Chomwe tikuphunzirapo ndi chakuti thandizo la zaka ziwiri limateteza zaka ziwiri. Amene akufuna kuyamba kulipirira mwana awerengetsere mpaka mwanayo adzamalize fomu 4, ndipo kuli bwino kutenga atsikana asanu n'kuwafikitsa kumapeto kusiyana ndi kutenga 20 n'kuwasiya panjira.

Si ndalama iliyonse yolowa pakhomo imene imateteza mtsikana. Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006, yathandiza mabanja ovutikitsitsa pa chakudya ndi kutumiza ana kusukulu, koma ofufuza atayang'ana za maukwati ndi mimba za achinyamata m'mabanja olandira, kuno ndi ku Zambia komwe kuli ndondomeko yofanana nayo, sadapeze kusintha kooneka. Ndalamayo imapita kwa mutu wa banja ndipo imathera pa zosowa za onse. Ku Zomba gawo lina linkafika m'manja mwa mtsikana mwini, ndipo ndikukhulupirira kuti kusiyana kumeneku n'kofunika kukuganizira, chifukwa zomwe chidyamakanda chimalonjeza ndi tinthu tating'ono tomwe mwana amachita manyazi kupempha bambo ake: mapadi, kabudula wamkati, sopo, kandalama kogulira chiwaya pa nthawi yopuma.

Thandizo siliyenera kukhala lalikulu nthawi zonse. Ku Kenya komwe kuja, m'kafukufuku wa sukulu 328, kungopereka yunifolomu yaulere kwa ana a sitandade 6 kudatsitsa chiwerengero cha atsikana osiya sukulu kuchoka pa 19 kufika pa 16 pa 100, ndipo mimba zidatsika kuchoka pa 16 kufika pa 13 pa 100 patatha zaka zitatu. Yunifolomu ilibe uthenga uliwonse wa zogonana, komabe idachita zomwe phunziro la kudziletsa lidalephera. Ifenso tidaziona tokha mu 2020. Sukulu zitatsekedwa mu March chifukwa cha Covid-19, kafukufuku wachangu wa boma adapeza mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe.

Koma sukulu payokha si linga. Malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza mayeso a sitandade 8, ndipo mtsikana amene sadasankhidwe amakhala pakhomo opanda chochita pa msinkhu woopsa kwambiri. Amene wasankhidwira ku sekondale yoyendera ya kutali amayenda mtunda wautali m'mawa ndi madzulo, kapena amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, zomwe timati self-boarding. Kumeneko kulibe kholo, ufa ukatha pakati pa teremu palibe wopempha, ndipo amuna a pamalopo amadziwa bwino lomwe nthawi yomwe anawo asowa mtengo wogwira. Kulipira fizi n'kusiya mwana m'kachipinda kotere ndi kugwira theka la ntchito. Njinga, kapena malo ogona atsikana okhala ndi mayi wowayang'anira ndi chakudya chokwanira, ziyenera kuwerengeredwa limodzi ndi fiziyo, monga momwe mabungwe ena ngati CAMFED amaperekera zofunika zina pamwamba pa fizi. Ndipo mphunzitsi amene wapereka mimba kwa mwana wa sukulu asangosamutsidwira sukulu ina, chifukwa kumeneko kulinso ana.

Njira zakulera

Iyi ndiyo timaizemba pa misonkhano, koma ndiyo yokhayo yomwe imathandiza mtsikana amene wayamba kale zogonana, ndipo atsikana oterewa ndi ambiri kuposa momwe makolo timafunira kuvomereza. Njira zina zonse zimayesa kuchedwetsa kapena kuchepetsa zogonanazo. Iyi imatseka mimbayo.

Unduna wa Zaumoyo udakhazikitsa mfundo za chithandizo chokomera achinyamata m'zipatala mu 2007. Kuunika komwe kudachitika mu 2014 kudapeza kuti mwa achinyamata atatu alionse, mmodzi yekha ndiye adamvapo za chithandizochi, ndipo amene adachigwiritsapo ntchito sadakwane 15 pa 100. Zifukwa zake aliyense wokhala kumudzi akuzidziwa. Chipatala chili kutali. Tsiku la kulera mtsikana ayenera kukhala pa mzere umodzi ndi azakhali ake ndi amayi a kumpingo. Wachipatala wina amayamba ndi kumukalipira kuti "mwana ngati iwe ukufuna zimenezi za chiyani?" Nthawi yotsegulira ndi yomwe iye ali m'kalasi, ndipo pasukulu njirazi siziloledwa kugawidwa. M'madera momwe chipatala chapafupi ndi cha mpingo wa Katolika, njira zamakono zakulera siziperekedwa. Pamwamba pa zonsezi pali mantha akuti ukalera usanabereke udzauma.

Manthawa ndi ofunika kuwayankha moona mtima. Jakisoni wa miyezi itatu amasinthadi msambo, ena amadukizadukiza, ena amasiyiratu, ndipo ukasiya kubayitsa pamatha kupita miyezi ingapo usanatenge mimba. Koma saumitsa munthu. Kachipangizo koika pamkono kamagwira ntchito zaka zitatu ngati ndi Implanon, zisanu ngati ndi Jadelle, ndipo kakachotsedwa mphamvu yobereka imabwerera msanga. Kwa mtsikana wa sukulu ubwino wake ndi wakuti sayenera kukumbukira kanthu kapena kubwerera kuchipatala pafupipafupi, pomwe mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndi ovuta kuwasunga ndi kuwakumbukira m'nyumba ya makolo. Palinso jakisoni wa Sayana Press yemwe munthu angathe kudzibaya yekha kunyumba ataphunzitsidwa. Kafukufuku wa ku Nsanje pakati pa amayi akuluakulu adaonetsa kuti odzibaya okha ankapitiriza kulera kwambiri kuposa odalira kupita kwa wachipatala. Kondomu ndiyo yokhayo yotetezanso ku HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana, choncho siyenera kusiyidwa ngakhale pali njira ina. Kufooka kwake n'kwakuti imadalira mwamuna kuvomera, ndipo kamtsikana sikangakakamize bambo amene akukapatsa ndalama.

Gulu la m'mudzi silingagule mankhwalawa, koma lingachite zambiri zosafuna ndalama: kukambirana ndi chipatala kuti pakhale masana amodzi pa sabata kapena Loweruka la achinyamata okhaokha, kupempha mabungwe a zakulera monga Banja La Mtsogolo kapena FPAM kuti azifika ndi chipatala choyendayenda, kuthandiza mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kuti achinyamata azimufikira mwachinsinsi, ndi kudziwitsa ana kuti angathe kufunsa mafunso ku Chipatala Cha Pa Foni popanda wowaona nkhope. Tizidziwanso kuti mbali yaikulu ya zipangizo zakulera m'dziko muno yakhala ikugulidwa ndi thandizo lakunja, ndipo kutsekedwa kwa USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, mu 2025 kwaonetsa kuopsa kodalira zimenezo. Kulimbikitsa atsikana kupita kuchipatala komwe akabwezedwe chifukwa mankhwala atha kumawagwetsa mphwayi, choncho komiti ya chipatala iyenera kumafunsa za kupezeka kwa zipangizozi monga imafunsira za mankhwala a malungo.

Kwa mpingo kapena mudzi umene ukuona kuti sungayambe ndi atsikana a sukulu, pali poyambira pomwe anthu ambiri sangakane: mtsikana amene wabereka kale. Palibenso chobisa, ndipo mimba yachiwiri yobwera mwana woyamba asanayende ndiyo imatsekeratu njira yobwerera kusukulu. Asatuluke m'chipatala kapena kumaliza sikelo ya mwana asanafotokozeredwe njira zomwe zilipo n'kusankha yekha.

Posankha

Mukakhala ndi mphamvu koma mulibe ndalama, monga mafumu ndi akuluakulu a mipingo, gawo lanu ndi amuna, ankhoswe, anankungwi ndi kutsegulira achipatala njira. Mawu a mfumu akuti "namwino akabwera muno asasokonezedwe" amachita zomwe bungwe silingachite ndi ndalama zake zonse. Mukakhala ndi ndalama, kaya yochepa, ndikadakulangizani kuti isathere pa tsiku limodzi la zionetsero. Ipite kwa atsikana odziwika ndi maina, makamaka pa malo awiri pomwe ambiri amagwera: pochoka sitandade 8 kulowa fomu 1, ndi pamene mwana wayamba kujomba pafupipafupi. Amayi a mother group ndiwo amadziwa msanga mwana amene wasowa m'kalasi sabata yathunthu, ndipo kuwapatsa kathumba kogulira makope, sopo ndi nsalu zosokera mapadi kumafika patali.

Ndipo musawasiye kunja amene adasiya kale sukulu. Malawi ili ndi ndondomeko yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu kuyambira mu 1993, koma chilolezo chokha sichikwanira. Pamafunika womulerera mwana nthawi ya kalasi, mwayi wosamukira sukulu ina ngati akuopa kunyozedwa, ndi mphunzitsi wamkulu amene sangamutchule ngati chitsanzo choipa pa asembule. Ambiri amaganiza kuti ndalama yoikidwa pa mtsikana wotere ndi yotayika, koma kafukufuku wa ku Zomba uja adapeza zosiyana ndi zimenezo. Atsikana amene adali atasiya kale sukulu pomwe ndondomekoyo inkayamba, ena mwa iwo ali ndi ana, atapatsidwa ndalama zowathandiza kubwerera m'kalasi adabwereradi ochuluka. Patatha zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, gulu limeneli ndi lomwe phindu lake lidakhalitsa: adafika patali ndi maphunziro, adachedwa kukwatiwa, ndipo adali ndi ana ochepa poyerekeza ndi anzawo amene sadathandizidwe.